Khasu Losiyidwa Pakati pa Mzere

Mwezi wa Januwale ukalowa, ife amene timatumikira m'maparishi a kuno ku Lilongwe timayamba kuona mipata m'mabenchi a m'tchalitchi. Tikafunsa kuti mayi uja wa mphakati wa ku Chinsapo ali kuti, kapena bambo uja wa mau a besi m'kwaya ya ku Kawale wasowa bwanji, yankho limakhala limodzi: apita kumudzi kukapalira. Ena ali ku Mitundu, ena ku Nambuma, ena kutali ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pakatha masabata awiri amabwerako atada ndi dzuwa, m'manja muli matuza. Mayi uja amapeza kuti pamalo pomwe amayala tomato pamsika pakhala wina. Bambo uja, amene ndi kalipentala, amapeza mwini chitseko chimene adachisiya chosapala atatopa ndi kudikira, ndipo iye mwini sakukumbukira bwino muyeso umene adagwirizana. Asanakhazikike n'komwe, uthenga ufika wakuti chimanga chafika pobandira. Anyamukanso.

Makolo athu adaliona vuto la munthu wogwira uku ndi uku, ndipo sadamunyengerere. Adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Adatinso mapanga awiri avumbwitsa. Miyambi imeneyi ndi yoona, koma tikaimvetsetsa tiona kuti ikudzudzula munthu wadyera, amene wataya nthambi yomwe adaigwira chifukwa cha chipatso chimene wachiona pa nthambi ina. Nanga mayi wa ku Chinsapo uja ndi pusi? Kodi ndi dyera limene limamukweza minibasi ya ku Mitundu ndi khasu m'thumba? Tikayang'ana m'mbiri ya dziko lathu ndi ya mzinda uno, tipeza kuti nthawi zambiri munthu wamba sadasiye khasu pakati pa mzere mwa kufuna kwake. Adaitanidwa ndi wina wamphamvu kuposa iye, ndipo zimene zidatayika pa kusiyako sizidalembedwe m'buku la munthu aliyense.

Tiyambe tafunsa kuti chotayikacho n'chiyani kwenikweni. M'chaka cha 1776 munthu wina wophunzira wa ku Scotland, dzina lake Adam Smith, adatulutsa buku lonena za chuma cha maiko. Pofotokoza chifukwa chimene anthu ogawana ntchito amapindulira kuposa munthu wochita zonse yekha, adatchula zifukwa zitatu, ndipo chimodzi mwa izo chinali nthawi imene imatayika munthu akamachoka pa ntchito ina kupita pa inzake. Chitsanzo chake chinali cha mmisiri wa kumudzi woluka nsalu amene alinso ndi kamunda. Munthuyo amataya nthawi panjira ya pakati pa nyumba yolukira ndi munda. Komanso akafika kumundako sayamba msanga ndi mtima wonse, amayamba wazengereza, chifukwa maganizo ake sadafike pamodzi ndi thupi. Apa Smith adalasa. Pomwe tisiyana naye ndi pamene adapitiriza kunena kuti moyo wotere umasandutsa anthu a kumudzi kukhala aulesi. Akadaona mayi wa ku Mgona amene amadzuka nthanda isanatuluke kukazinga mandasi, n'kukapikula masamba, n'kubwera kudzachapa zovala za eni ake, mau akuti ulesi sakadawatchula.

Patapita zaka zoposa 150 akatswiri a za maganizo a munthu adayamba kuiyesa nkhaniyi ndi wotchi m'manja. Mu 1927 Arthur Jersild wa ku America adapatsa ophunzira mindandanda ya manambala. Ulendo wina adawauza kuti azichita samu ya mtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ulendo wina adati azisinthanitsa, apa kuphatikiza, apa kuchotsera. Masamu ake anali omwewo, osavuta, koma posinthanitsa paja ophunzirawo ankachedwa. Mu 2009 katswiri wina, Sophie Leroy, adaonetsa mbali ina ya nkhaniyi: munthu akasiya ntchito isanathe n'kuyamba ina, gawo la maganizo ake limatsalira pa yoyamba ija, kotero kuti yachiwiriyo amaigwira ndi mutu woperewera. Mlimi sadabwa nazo zimenezi. Amadziwa kuti pobwerera kumzere umene adausiya dzana amayamba wafunafuna pomwe adalekeza. Amadziwanso chinthu china chimene sichioneka m'kalasi la masamu, chakuti manambala amadikira koma udzu sudikira.

Mau akuti thangata poyamba anali mau abwino. Kuthangata ndi kuthandiza. Munthu akachepekedwa manja ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana anansi ku dima. Onse ankalowa m'munda umodzi, n'kuumaliza tsiku lomwelo, mawa lake n'kupita m'munda wa wina. Taonani nzeru yake: anthu ambiri pa ntchito imodzi kufikira itatha. Azungu a maesiteti a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, atatenga malo aakulu cha m'ma 1890, adabwereka mauwo n'kuwatembenuza. Banja lokhala pa malo a esiteti linkayenera kulipira lendi ndi thukuta lake, ndipo pamwamba pake panali msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linkauchepetsa ndi theka kwa munthu amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu. Tsono thonje, fodya ndi tiyi zimafuna manja nthawi yomweyo imene chimanga chimafunanso manja, ndiyo nthawi ya dzinja. Kapitawo ankagogoda pakhomo mu Disembala ndi mu Januwale.

M'buku la mwini esiteti mwezi unali mwezi basi, masiku akutiakuti. Koma mlimi amadziwa kuti mwezi wa Januwale sufanana ndi wa Julayi. Chimanga chikamera, masabata oyambirira ndiwo amagamula za nkhokwe. Udzu ukachipitirira pa nthawi imeneyo, ngakhale mudzapalire bwanji pambuyo pake, chimakhala chitafooka kale. Motero munthu amene adatengedwa mwezi umodzi ankataya zoposa mwezi umodzi. Ankataya chakudya cha miyezi ingapo, ndipo njala ikafika ankabwereranso kwa mwini esiteti yemweyo kukapempha ntchito. Ku Magomero, pa maesiteti a A. L. Bruce, anthu ankadandaula kuti miyezi iwiri ya lendi ndi msonkho inkatalikitsidwa mwa kusawalembera masiku onse amene agwira. Mkwiyo umenewo ndi umodzi mwa mitsinje imene idathira m'kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira maesitetiwo, adaphedwa. Lamulo lothetsa thangata lidabwera mu 1962, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu.

Kapitawo adapita, koma njala idatenga malo ake. Banja limene chakudya chatha mu Disembala limasiya munda wake kukapalira wa wina, kuti lipeze ndowa ya chimanga kapena madeya a tsikulo. Timati ganyu. Palibe womukakamiza munthuyo ndi chikoti, koma munda umene wausiya udzamubwezera chaka chamawa pa ganyu yemweyo.

Kuno ku chigawo cha pakati, kumene maesiteti a mtundu wa ku Magomero anali ochepa, oitana anali ena. Fodya wa chikopa, amene A. F. Barron adayamba kufalitsa pakati pa alimi a ku Mbabvi cha m'ma 1920, adadza ndi nazale yofuna kuthiriridwa m'chilimwe ndi mbande zofuna kuwokeredwa sabata lomwe chimanga chikubzalidwa. Kenaka padadza Wenela ndi Mthandizi, mabungwe olemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni ndi minda ya ku Halale. Mwamuna akalembetsa ankapita chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna a ku Malawi opitirira 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ndalama zimene ankatumiza ndi zimene ankasungiridwa kuti adzalandire pobwera zidalembedwa bwino lomwe. Chimene sichidalembedwe ndi tsiku la mkazi wotsala pakhomo: kumunda m'mamawa, kusiya khasu kukatunga madzi, kusiya mtondo kuthamangira mwana wodwala, kusiya mwanayo kukafolera denga limene mwamuna akadafolera. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha amuna a ku Malawi opitirira 70 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr. Banda adaimitsa kulemba anthu. Amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi m'miyezi yotsatira, nthawi yomwe mzinda watsopano unkamangidwa pano.

Pa nkhani ya mzindawo, boma lenilenilo ndilo lidalawa mtengo wa kugwira pawiri. Lilongwe adayamba ngati kaboma kakang'ono ka atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kalembera wa 1966 adapezamo anthu ongopitirira 19,000. Mu 1965 boma la Dr. Banda lidagamula zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, pofuna kuti chitukuko chisaunjikane kummwera kokha. Britain adakana kupereka ndalama zake. South Africa ndiye adabwereketsa marandi 8 miliyoni mu 1968, chaka chimene bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa kuti limange mzindawo. Mu Januwale 1975 Lilongwe adakhala likulu. Koma kusamukako kudaima pakati pa mzere. Maunduna adabwera ku Capital Hill, Nyumba ya Malamulo idapitiriza kukumana ku Zomba kwa zaka pafupifupi 20, khoti lalikulu ndi makampani ambiri zidatsala ku Blantyre, ndipo Dr. Banda mwini ankakhala kwambiri ku Sanjika. Aphungu akamakumana, nduna, alembi aakulu, madalaivala ndi mafailo ankatsika ulendo wa makilomita pafupifupi 300, pamene pa desiki la ku Capital Hill kalata ya mphunzitsi wopuma wopempha penshoni yake inkadikira. Mafuta a galimoto ndi ndalama zogonera ankaziwerengera, koma kudikira kwa mphunzitsiyo sikudalowe m'bajeti. Mtsogoleri wa dziko adadzakhazikika kuno Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004, ndipo aphungu adalandira nyumba yaoyao, yomangidwa ndi thandizo la China, mu 2010, patatha zaka 35 chisamukire likulu.

Amene adajambula mapulani a mzindawu, akatswiri ochokera ku South Africa, sadafune mzinda wothithikana. Adaugawa m'zigawo zotalikirana, zolekanitsidwa ndi mitengo ndi madambo: tauni yakale cha kumtsinje ndi msika wake, Capital Hill wa maofesi, Kanengo wa mafakitale, ndipo kumpoto kwenikweni Lumbadzi wa bwalo la ndege. Cholinga chinali chakuti munthu azikhala pafupi ndi ntchito yake, ndipo Area 25 idatsegulidwa moyandikana ndi Kanengo pa chifukwa chimenecho. Maganizowo anali abwino kwa munthu wa ntchito imodzi yokhazikika. Koma ndi angati mwa anthu athu amene adakhalapo ndi ntchito imodzi? Anthu a malipiro ochepa adapatsidwa mapoloti ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25: malo opimidwa, chimbudzi chokumba, mpopi wa onse chapatali, nyumba umange wekha. Tsono taganizirani mmisiri wa njerwa wa masiku amenewo. Masana akumanga maofesi a boma. Madzulo ndi Loweruka akuumba njerwa za nyumba yake, imene ayenera kuiimika msanga poopa kulandidwa poloti. Mvula ikagwa, iye kapena mkazi wake ayenera kukabzala kumudzi, chifukwa malipiro sakwanira kugula ufa wa chaka chonse. Nyumba zambiri za m'madera athu zidamangidwa chomwecho, khoma lino chaka chino, khoma linalo chaka chamawa, ndipo mvula ya pakati pake inkagumula zina mwa zimene zidamangidwa.

Mapoloti aja sadakwanire. Anthu adafika pafupifupi 99,000 mu 1977, adapitirira 220,000 mu 1987, ndipo kalembera wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000. Osowa poloti adapita kwa mafumu ku Chinsapo, pa njira ya ku Likuni, kapena adamanga ku Mgona m'mphepete mwa Kanengo. Kumeneko ntchito imabwera ndi nyengo. Msika wa fodya, umene udatsegulidwa ku Kanengo mu 1979, ndi mafakitale okonza fodyayo zimalemba anthu ambiri kwa miyezi yowerengeka. Nyengo ikatha, wonyamula mabelo uja amasanduka wa kabaza, woumba njerwa, mlonda kapena mlimi, ndipo ntchito iliyonse amaiyamba ngati mlendo, kufunafuna zida, makasitomala ndi mpamba. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Harri Englund, amene adakhala pakati pa anthu a ku Chinsapo nalemba za iwo mu 2002, adapeza kuti ambiri sadadule chingwe cha kumudzi: amalimabe, ndipo ndalama za m'tauni amaziona ngati njira yotukulira moyo wa kwao. Ife sitiona cholakwa pamenepo. Munda ndiwo umateteza banja ntchito ikatha, ndipo kumudzi ndiko tonse timayembekeza kukaikidwa. Kungoti chitetezo chimenecho chili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo amalipira yekha mwini wake, mu ndalama zokwerera, m'malo otayika pamsika, ndi m'tulo tosagoneka poganiza za kumene sali.

Zaka za m'ma 1990 zidalowetsa vutoli m'maofesi momwe. Mu Febuluwale 1994 boma lidasiya kuikira ndalama ya kwacha mtengo wokhazikika, ndipo dola imodzi imene inkagulidwa ndi makwacha osakwana 5 idafika pa makwacha pafupifupi 15 chaka chisanathe. Malipiro a kalaliki ndi mphunzitsi adasungunuka ngati mchere m'madzi. Ndi nthawi imeneyo pamene tidazolowera kuona jekete lopachikidwa pampando, mwini wake atatuluka pang'ono, kunena kwake kukaona geni ya kaunjika kapena minibasi imene wapatsa mlamu wake. N'zosavuta kumudzudzula, ndipo nthawi zina ndi woyeneradi kudzudzulidwa, pakuti kunja kwa chitseko chake kuli mayi wamasiye amene wakwera maminibasi awiri kuchokera ku Area 23. Koma amene adapulumutsa ndalama pomupatsa malipiro osakwanira mwezi sadapulumutse kanthu. Adagula theka la munthu, ndipo ngakhale thekalo limakhala pa desiki mutu uli kumsika.

Amisiri odziimira paokha ali ndi woitana wao. Mu 2016 ndi 2017, madzi atachepa m'nyanja ndi mumtsinje wa Shire, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Zidachitikanso mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale wa chakacho. Wowotcherera zitsulo wa ku Biwi ankayamba geti m'mawa, magetsi n'kuzima, iye n'kutembenukira ku ntchito ina ya manja. Magetsi akayaka pakati pa usiku ankadzuka kuthamangira geti lija, maso ali ndi tulo. Maola amene magetsi adazima akhoza kuwerengedwa. Zitsulo zimene zidadulidwa molakwika pa ola lachiwiri la usiku adaziwerenga ndi mmisiri yekha. Za foni ya m'manja sitinena zambiri, poti tonse tili nayo m'thumba. Kale woitana ankayenera kuyenda kudzafika pakhomo. Lero amatipeza paliponse, pakati pa msoko, pakati pa phunziro, ngakhale pakati pa Misa.

Tisaloze ena chala ngati kuti ife a Mpingo tilibe mbali. Abambo Oyera atakhazikika ku Likuni mu 1903, wansembe mmodzi ankakhala mphunzitsi, womanga, wogawa mankhwala, womva milandu ya maukwati, ndiponso woyenda maulendo a masabata angapo m'midzi ya kutali. Adachita zazikulu, koma akhristu a kumathero a parishi ankamuona kamodzikamodzi, ali pa liwiro. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, adaliona vutoli. Pa sinodi ya dayosizi ya 1973 mpaka 1975 adalimbikitsa miphakati, magulu aang'ono a mabanja oyandikana amene amapemphera pamodzi, kuzonda odwala, kuika maliro ndi kukonzekeretsa ana ku masakramenti osadikira kuti bambo mfumu achite zonse. Tinganene kuti inali dima yobwezeretsedwa m'Mpingo. Boma la nthawiyo lidaikayikira miphakatiyo, ndipo episkopiyo adakakamizika kuchoka m'dziko mu 1976, koma mbewu idamera ndipo tikudya zipatso zake.

Komabe tiyeni tione chimene tachita nayo mbewuyo. Tidagawa maudindo, koma kawirikawiri tidawaunjika pa anthu omwewo. Mayi mmodzi ndiye wapampando wa mphakati, ndiye msungichuma wa bungwe la amayi, ali mu Legio ya Maria, ali m'kwaya, ali m'komiti yomanga nyumba ya ansembe. Timamukonda chifukwa sakana. Chaka china tidatenga kalendala ya parishi ina imene tinkatumikira n'kuyang'ana misonkhano imene tidaika mu Disembala ndi mu Januwale, ndipo tidachita manyazi: maphunziro a atsogoleri, msonkhano wa zachuma ndi ntchito yokonza pabwalo la tchalitchi zonse zidagwera m'masabata a kupalira. Palibe amene adadandaula. Adabwera, ena mochedwa, ena kuchokera kumunda matope ali kumapazi, ndipo tidawadzudzula chifukwa chosamvetsera bwino. Mkati mwa msonkhano wa ola limodzi tidaona ola limodzi lokha, monga momwe mwini esiteti uja ankaonera mwezi.

Mpingo uli nacho chuma chakale pa nkhani imeneyi. Benedikto Woyera, polemba malamulo a chipani chake ku Monte Cassino m'dziko la Italy cha m'zaka za m'ma 500, sadaletse kusintha ntchito. Iye adagawa tsiku m'nthawi ya kupemphera, ya kuwerenga ndi ya ntchito ya manja, ndipo adalamula kuti chizindikiro cha mapemphero chikamveka mbale asiye chimene ali nacho m'manja. Koma nthawizo zinali zodziwika kale, kotero kuti munthu ankayamba ntchito akudziwa pomwe adzalekeze, ndipo zinkasintha malinga ndi nyengo ya chaka. Adapatsanso mkulu wa nyumba mphamvu yosuntha nthawi ya chakudya abale akakhala ndi ntchito ya kumunda. Chotikhudza koposa ndi ichi: abale ogwira ntchito kutali, amene sangafike kutchalitchi pa nthawi yake, adawauza kuti apemphere pomwepo pamene ali, atagwada. Mkulu ameneyu adauwerengera mtunda wa pakati pa munda ndi tchalitchi, ndipo sadafune kuti ulipiridwe ndi wogwira khasu.

Nkhani ya Marita ndi Maria, imene Luka Woyera adatilembera, timakonda kuilalika ngati chidzudzulo kwa amayi otanganidwa. Koma tikaiwerenga modekha tiona kuti Ambuye sadanyoze ntchito yolandira alendo. Chimene adachiona mwa Marita ndi mtima womwazika pa zinthu zambiri. Ndipo tisaiwale kuti dandaulo la Marita linali lakuti wasiyidwa yekha. Marita wa masiku ano tili naye m'nyumba zathu. Ndi mtsikana wa Folomu 4 amene wakhala pakhonde ndi buku la masamu, mayeso ali pafupi. Asanamalize funso loyamba amayi amutuma mchere kuokala. Abwera, afunafuna pomwe adalekeza, abambo afuna madzi osamba. Akhalanso pansi, mwana walira, makala atha, mlendo wafika. Mlongo wake wamwamuna, wa kalasi lomwelo, ali m'chipinda chitseko chili chotseka, ndipo onse akuyenda mwakachetechete kuti asamusokoneze. Kutuma kulikonse kunali kwa mphindi zisanu zokha, ndipo makolo akunena zoona akamati sitidamuletse kuwerenga. Zotsatira za mayeso zikatuluka timamva kuti mtsikanayo mutu wake ndi wouma.

Kalipentala wa ku Kawale uja adabwerako kobandira kumapeto kwa Januwale. Chitseko adachimaliza mu Febuluwale, ndipo popita kukachiika chidapezeka kuti chaperewera ndi zala ziwiri m'lifupi. Kapepala kamene adalembapo muyeso kadanyowa m'thumba la malaya kumunda. Mwini nyumba adakana kuonjezera ndalama, ndipo sitingamunene, poti adalipira kale theka mu Novembala. Matabwa ena bamboyo adagula ndi ndalama zimene adasungira feteleza wachiwiri.